Mbuzi pa Ukwati wa Austra

Kuldīga,
kumapeto kwa Ogasiti

Wokondedwa Uldis, mwana wa achimwene anga,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mkazi wako Orla, ndipo kuti msana uja unkadandaula nawo chaka chatha wasiya kukuvutitsa. Munthu wokhala tsiku lonse pampando wa lole asamadabwe msana ukayamba kumukana. Kodi Orla chifuwa chija chinatha?

Ife kuno tili moyo. Mawondo anga ndi omwe aja, amadziwa za mvula a pa wailesi asananene. Maapozi chaka chino abereka mpaka kuthyola nthambi, ndipo bowa m'nkhalango ndi wosaneneka, ndaumitsa wokwanira nyumba zitatu. Bambo ako ali bwino monga mmene nkhalamba ya msinkhu wawo ingakhalire bwino. Akudya, akuyenda ndi ndodo mpaka pa mlatho n'kubwerera, ndipo akukalipirabe owerenga nkhani a pa wailesi chifukwa chomeza mawu.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni umandithawa. Ndikangoti "bambo ako", iwe umati kutsogoloku kuli apolisi, suloledwa kuyankhula ukuyendetsa. Apolisi a ku Ireland ayenera kuti ndi ochuluka kwambiri. Kalata ilibe batani lozimitsira, ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Austra wandiuza kuti ku ukwati wake sudzabwera. Akuti ntchito yachuluka, ndipo mudzachita phwando lina ku Cork akadzabwera ndi mwamuna wake. Mwana wako mmodzi yekhayo akukwatiwa kuno mu Okutobala, iwe n'kumati ntchito. Ine ndine azakhali ako, ndinakupukuta mamina usanadziwe dzina lako, sungandinamize. Si ntchito ayi. Ndi holo ija ya m'tauni, ndi munthu amene adzakhale pa tebulo lakutsogolo.

Ndikukumbutsa zimene sufuna kukumbuka, chifukwa popanda zimenezo nkhani yanga siyenda. Unali usanakwanitse zaka makumi awiri. Bambo ako ankaimbitsa kwaya ya tauni ino nyimbo yawo yaikulu ija ya Kāzas, Ukwati m'Chilativiya chathu, imene anapekera mayi ako, ndipo kanali koyamba kukupatsa gawo loimba wekha. Holo inadzaza mpaka ena anatsamira makoma. Unayamba bwino. Koma utafika pa mawu a mutu wa nyimbowo mpweya unakuthera, ndipo "a" woyamba uja, amene amayenera kukokedwa, unamudula. M'malo mwa kāzas, ukwati, pakamwa pako panatuluka kazas, mbuzi.

Munthu wina aliyense akanangopitiriza. Theka la anthuwo silinamve n'komwe. Koma bambo ako anatsitsa manja, kwaya inangoti zii, iwo n'kutembenukira kwa anthu n'kunena kuti, "Pepani anthuni. Ndinakuitanirani ku ukwati, koma mwana wanga wabwera ndi mbuzi. Tiyambirenso."

Holo yonse inafa nalo phwete. Ine ndinali kumbuyo kwako, pamzere wa aluto, ndipo ndinaona makutu ako akufiira. Unayambiranso, n'kuimba mpaka kumapeto osaphonya paliponse, ndipo kuchokera tsiku limenelo sunatsegulenso pakamwa kuti uimbe, ngakhale pa maliro a mayi ako. Anyamata a pamsika ankalira ngati mbuzi ukamadutsa. Patapita zaka zochepa unanyamuka, ndipo chichokereni inu awiri mumangotumizirana makhadi a Khirisimasi okhala ndi mayina okhaokha.

Analakwa. Ndinawauza tsiku lomwelo, ndipo mayi ako anakhala mwezi wathunthu osawayankhula, ankangowaikira mbale patebulo ngati mlendo wa mu lesitilanti. Iwo sanavomere. Ankati pa nsanja palibe bambo ndi mwana, pali nyimbo basi.

Komabe ndikuuze, Uldis, ine achimwene angawa ndimawanyadira, pamodzi ndi kuuma khosi kwawo komweko. Iwe unawadziwa ali kale mphunzitsi woopedwa, amene ana asukulu ankati dzina lathu la Dzenis, gogomole, mbalame yogogoda mitengo ija, linawakhala, chifukwa cha pensulo ija ankagogoda nayo pa piyano. Ine ndinawadziwa ali mnyamata woyenda wopanda nsapato, akupopa mpweya wa limba la kutchalitchi pamene agogo ako aamuna akuliimba. Madzulo ankakhala m'khola amayi akukama ng'ombe, kumvetsera nyimbo zawo, n'kumandinong'oneza kuti, "Velta, wamva? Si nyimbo imene ikukoka mawu. Mawu ndi amene akukoka nyimbo." Ine ndinkangodikira mkaka wofunda.

Atamaliza maphunziro ku Riga, malo anali okonzeka oti akhale konko aziphunzitsa ku sukulu yaikulu. Inali nthawi ija tinkalamulidwa kuchokera ku Moscow. Akuluakulu ena a mu ofesi anawaitana n'kuwauza kuti nyimbo yawo yoyamba ya kwaya ndi yabwino zedi, ingoyenera kuimbidwa m'Chirasha kuti imveke kutali, womasulira alipo kale. Bambo ako anayankha kuti manotsi awo anawasoka atayeza mawu athu, ngati nsapato pa phazi, ndiye phazi la munthu wina silingalowe. Anawapatsa mwayi woti akaganizenso. Anabwerako ndi yankho lomwelo. Malo a ku Riga anapatsidwa wina, iwo n'kutumizidwa kuno kudzaphunzitsa ana a alimi ndi a ocheka matabwa, ndipo anakhala pasukulu imeneyo mpaka kupuma ntchito.

Sanadandaulepo. Ankati ife ndife anthu ochepa, tilibe migodi, tilibe asilikali oti wina angawaope, chimene tili nacho ndi mawu athu aatali ndi aafupi, ndipo munthu wodula mawu aatali chifukwa cha ulesi akudula malire a dziko. Enafe tinkaseka. Lero ndikamva mmene ana ena akuyankhulira, kuseka kuja ndinasiya.

M'kachipinda kawo kozizira ka kunyumba, atavala chikhoti, anapeka nyimbo zitatu zazitali za gulu lonse la zoimbira. Anapekanso ya limba ija yotchedwa Mathithi, imene alendo amabwera kudzaimvera m'tchalitchi mwathu, ndi za kwaya zoti ine ndinaleka kale kuziwerenga. Ankalemba m'mawa asanapite kusukulu, chifukwa masana onse anali a ana a eni. Mwana akakhala ndi khutu koma kwawo alibe piyano, ankamupatsa kiyi wa kalasi kuti azibwera Lamlungu. Lero oimbitsa makwaya ambiri a chigawo chino anadutsa pansi pa pensulo ija. Onse amati inawapweteka, ndipo onse amatumiza maluwa.

Ku chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku Riga iwe sunabwere. Anthu zikwizikwi anaimba nyimbo yawo pamodzi, atamaliza n'kuyamba kuitana dzina lawo, "Laimonis, Laimonis," mpaka anyamata awiri anawakweza pa nsanja n'kuwaveka nkhata ya masamba a thundu, yaikulu moti inawaphimba maso. Ine ndinalira pagulu osachita manyazi, ndipo ndinauza aliyense woyandikana nane kuti amenewo ndi achimwene anga a bere limodzi. Tili m'basi pobwerera, nkhata ili pamiyendo, chinthu choyamba chimene ananena n'chakuti a besi anadula mawu awiri pa ndime yachiwiri.

Mayi ako atamwalira, bambo ako anatseka piyano. Manja anayamba kunjenjemera, pensulo inkawagwa. Anthu a ku Riga ankabwera kudzapempha nyimbo yatsopano, iwo ankangowamwetsa tiyi n'kuwaperekeza pakhomo. Ankati zatha. Ine ndinasamukira kwawo kuti ndiziwaphikira, ndipo zaka zonsezi m'nyumbamo munkangolira ketulo.

Ndiye kunabwera Austra, mu Epulo, nthawi imene nsomba zimadumpha pa mathithi. Anabwera ndi Ritvars wakeyo, mnyamata wogwira ntchito za nkhalango, wamtali moti amawerama polowa pakhomo pathu, woimba besi, wosayankhulayankhula. Ndamukonda, amadya chilichonse chimene ndamuikira. Chilativiya cha mwana wako ndi chija ukuchidziwa, chophunzira Loweruka lokha, koma amachiyankhula molimba mtima ngati anachigula yekha.

Tinali patebulo, nditaphika nsawawa zotuwa ndi nyama yankhumba. Mtsikana anapukuta pakamwa, n'kugwira dzanja la Ritvars, n'kunena kuti, "Agogo, ndili ndi nkhani yabwino." Ndipo mawu amene anatsatira, Uldis, anali aja. Anamudula "a" uja ngati ndi mpeni. Anati mu Okutobala adzakhala ndi mbuzi, ndipo akufuna agogo ake amupekere nyimbo ya mbuzi zakezo.

Ine, munthu amene ndagwira ntchito ya ziweto moyo wanga wonse, kwa kanthawi ndinayamba kuganiza za khola. Kenako ndinazindikira, ndipo foloko inandiumira m'dzanja. Ritvars anangoyang'ana m'mbale. Mumtima ndinati basi, tataya wachiwiri.

Bambo ako anasiya kutafuna. Anamuyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo, kenako anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Zingati, mwanawe?" Austra anadabwa, n'kuyankha kuti, "Imodzi yokha, agogo. Ndikuganiza kuti imodzi indikwana moyo wanga wonse." Ritvars anatsamwa mpaka ndinachita kumumenya kumsana, ndipo atapeza mpweya anati, "Ndiye kuti mbuziyo ndine."

Titamufotokozera, mtsikana anaseka mpaka misozi. Anati, "Ababa anandiphunzitsa mawu ena onse, awa okha sindinawamvepo akuwatchula. Ngakhale ukwati wawo amautchula m'Chingerezi." Ananena akuseka, osadziwa chimene wanena, popeza nkhani ya holo ija sunamuuzepo. Koma ine ndinkayang'ana bambo ako. Anaika foloko pansi n'kufunsa kuti, "Saimba konse? Ngakhale akamasamba?" Austra anati chibadwire chake sanakumvepo ukuimba. Akuti ankangoganiza kuti ndiwe mmodzi wa anthu aja opanda khutu la nyimbo, ndipo luso lake analitengera kwa mayi ake.

Bambo ako anadzuka, n'kulowa m'chipinda chawo, n'kutseka chitseko. Mbale yawo anamaliza ndi Ritvars.

Mawa lake ndikusenda mbatata ndinamva chivundikiro cha piyano chikutseguka. Panamveka chala chimodzi chikufufuza, kenako pensulo, go, go, go. Ndinakhala pansi mpeni uli m'manja, ndipo tsiku limenelo tinadya mochedwa.

Analemba chilimwe chonse. Manja awo sathanso kujambula manotsi owongoka, ndiye Gundega, wophunzira wawo wakale amene tsopano akuimbitsa kwaya yathu, ankabwera masana kudzakopera. Mayi wamkulu, wa mamendulo ake, ankatuluka m'chipindamo thukuta lili kamukamu ngati mwana wa chaka choyamba. Unkangomva, "Gundega, kadontho akoka kali pamzere kapena kakupita kumsika?" Iye podutsa kukhitchini ankandinong'oneza kuti, "Amayi Velta, Gogomole wadzuka," akumwetulira, misozi ili m'maso.

Austra nayenso bambo ako akumuphunzitsa kukoka mawu. Amamupatsa supuni ya uchi kuti aikweze m'mwamba, ndipo amati azikoka mawu mpaka uchiwo uduke wokha. Iwe unkapatsidwa pensulo, mwana wako akupatsidwa uchi. Usachite nsanje, anthu akakalamba amatero. Nkhani ya holo ija anamuuza okha, osachotsapo kalikonse, osadzikometsera. Mtsikana anatuluka nkhope ili gwa, ndipo anatha masiku angapo osawapatsa moni. Ameneyu watengera agogo ake aakazi.

Tsopano mvera za nyimboyo, chifukwa ndiyo yandilembetsa kalata ino. Austra akuopa kukuuza. Sananditume, ndadzituma ndekha.

Mawu ake anapeka okha. Ndi nkhani ya mkwatibwi amene wafika kwawo kwa mwamuna wake, anthu avala zokongola, matebulo ayalidwa pabwalo. Kwaya yonse ikuimba kāzas, kuwakoka mawuwo mwaufulu, ngati mmene mtsinje wathu umayendera kumunsi kwa mlatho. Ndiye pakati pa zokomazo pakulowa tena mmodzi yekha, bambo wa mkwatibwi, n'kudula mwachidule kuti kazas. Mbuzi. Kwaya ikumukonza, ikuwakoka mawuwo kuti amve bwino. Iye akubwereza zomwezo. A sopurano akumuseka, a besi akumukalipira, iye osasintha.

Mpaka anthu akucheuka, n'kuona kuti zoonadi mbuzi za mkwatibwi zamutsatira kuchokera kwawo, zalowa pabwalo, ndipo zikudya maluwa a patebulo. Munthu uja sanalakwitse. Pamenepo kwaya yonse ikusiya zake n'kutsatira iye, mawu ake aafupi aja akusanduka ovinira, ndipo iye akukwera yekha pamwamba pa onse ndi mzere wautali wodalitsa mwana wake. Ndaimba nyimbo za achimwene moyo wanga wonse, koma chinthu chofewa chotero sindinamvepo atalemba.

Ndikudziwa chimene ukuganiza. Ukuti nkhalamba ija sinakhutire, ikufuna indiseketsenso anthu m'holo yomweyo. Inenso ndinaganiza choncho, ndipo ndinalowa m'chipinda chawo manja ali m'chiuno. Ndinati, "Achimwene, ngati mukufuna kupepesa mwana, foni iyo ili apo. Mawu ake ndi amodzi, ngakhale ine wa ziweto ndimawadziwa." Anayankha osandiyang'ana kuti pa foni mawu onse amafupika. Ndinati ndiye lembani kalata. Anakweza mapepala a manotsi n'kunena kuti, "Nanga iyi n'chiyani?"

Itamveka mbiri yoti Dzenis walembanso, Viesturs anabwera yekha pa galimoto kuchokera ku Riga. Ukumukumbuka, munali kalasi imodzi. Tsopano amaimba m'maholo akuluakulu a kunja, ndipo khosi amalikulunga ndi mpango ngakhale mu Julaye. Anati gawo la tena adzaimba iye, monga mphatso kwa aphunzitsi ake. Bambo ako anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti waimba bwino kwambiri, ndipo vuto lake n'lomwelo. Anati, "Iwe sunasekedwepo, Viesturs. Mawu amenewa ukuwaimba ngati nthabwala. Gawo ili lili ndi mwini wake." Munthu wotchuka anabwerera ku Riga ndi botolo la uchi.

Chotero takhala tikuyeserera nyimboyo Lachiwiri lililonse, m'holo ija, chifukwa malo ena onse ochitira phwando bambo ako anawakana kwamtuwagalu. Gawo lako tinkalisiya lopanda munthu. Kwaya inkakoka mawu ake n'kuima, pamene payenera kulowa tena n'kungoti zii, Gundega akuyendetsa dzanja m'malere, kenako ife n'kuyamba kukalipira munthu amene palibe. Nyimbo yachisangalalo inkamveka ngati ya pamaliro.

Sabata yatha Austra anauza bambo ako kuti iwe wakana kubwera. Lachiwiri tikuyeserera anali atakhala pampando wakutsogolo monga mwa nthawi zonse, ndodo ili pakati pa miyendo. Titafika pamalo opanda munthu paja, anadzuka. Anakwera pa nsanja okha, kukana dzanja la Ritvars, n'kukaima pamene unaima iwe, kumanzere kwa piyano. Anauza Gundega kuti ayambirenso.

Uldis, bambo ako sanakhalepo ndi mawu oimbira, ngakhale ali mnyamata. N'chifukwa chake ankalembera ena. Tsopano chimene chatsala chimamveka ngati chitseko chadzimbiri cha pakhola. Anatsegula pakamwa n'kuimba kazas, mawu anasweka pakati, ndipo kunena zoona inatuluka mbuzi yeniyeni. Atsikana awiri a sopurano analephera kudzigwira. Gundega anawayang'ana ndi diso loopsa, koma bambo ako anakweza dzanja. Anati, "Asiyeni. Pamenepa anthu amaseka. Holo ino kasekedwe kake ndimakadziwa, kungoti ndinali ndisanakamve nditaima mbali ino."

Anaimba mpaka kumapeto. Mzere wautali uja sanaufike n'komwe, ankangotsegula pakamwa mpweya wokhawokha ukutuluka, mutu uli chilili. Palibe anasekanso. Ine ndinaphonya polowera aluto, koyamba chilowereni m'kwaya, ndipo sanandikalipire.

Ndakuuza za ofesi ija ya ku Riga, ndakuuza za nkhata ya thundu. Zonsezo ndimazinyadira. Koma sindinawanyadirepo achimwene anga ngati mmene ndinawanyadira Lachiwiri limenelo, ndipo sindinawamverepo chisoni chotero.

Pobwerera kunyumba tinayenda pang'onopang'ono, akupuma pa benchi iliyonse. Ndinawauza kuti zimenezi sangadzachite pa tsiku la ukwati. Kudzakhala ophunzira awo onse, a ku Riga, achibale a Ritvars, ndi anthu a mafoni awo ojambula chilichonse. Ndinati, "Mukufuna anthu azidzakukumbukirani ndi nyimbo zanu kapena ndi kulira kwa mbuzi?" Anati azidzasankha okha. Anati gawolo silingasiyidwe lopanda munthu pa ukwati wa mwana, ndipo ngati mwini wake sabwera, woyenera kuima pamenepo ndi amene anamuthamangitsa.

Ndiye m'mawa uliwonse akuyeserera, galu wa oyandikana nawo akuwayankha kuseri kwa mpanda. Adokotala anawaletsa kale kukweza mawu ndi kukwera malo aatali chifukwa cha mtima. Akamaliza amakhala pampando milomo ili bii, ine n'kumanamizira kuti sindinaone. Sindikukuopseza nazo ayi, ndikungokuuza kuti usadzati azakhali anandibisira.

Pempho langa ndi limodzi. Bwera, mwana wanga. Sindikunena kuti uwakhululukire, zimenezo n'za iwe ndi mtima wako. Sindikunenanso kuti anthu sadzaseka. Adzaseka ndithu, nyimboyo inalembedwa kuti aseke kaye, kenako aleke.

Unena kuti mawu anatha, papita zaka zoposa makumi atatu. Bambo ako anaziganizira kale. Gawolo analitsitsa, akuti munthu wamkulu wosuta fodya m'lole sangafike pamene ankafika mnyamata. Ndipo ukaona pa manotsi amene ndaika mu envelopu muno, upeza kuti mzere wautali uja usanayambe anakusiyira popumira. Gundega ataona anaganiza kuti wakopera molakwika, chifukwa Dzenis sanasiyirepo woimba aliyense popumira pamene mawu sanathe. Atawafunsa anamuyankha kuti, "Usapakhudze. Munthu ayenera kupuma."

Ngati mtima wako ukukana kuimba, bwerabe. Udzakhale pansi ndi Orla, udzawaonerere akuimba okha. Ngati zimenezo n'zimene ukufuna, uli ndi ufulu, ndipo nawonso akudziwa kuti uli nawo. Koma ine ndimakudziwa. Ndiwe Dzenis, sungakhale pampando kumamvera nyimbo yabwino ikuphedwa chotero, mwana wako ataimirira ndi diresi loyera.

Umupatse moni Orla, ndipo umuuze adzatenge chikhoti chenicheni, Okutobala wathu si wa ku Cork. Upereke moni kwa apongozi ako onse. Gundega akukupatsa moni, akuti akhoza kumakuyeseza pa foni Lamlungu, apolisi akakhala kuti apuma. Ritvars nayenso akupereka moni, kutanthauza kuti wagwedeza mutu. Bedi lako lakale ndaliyala, ndipo bowa ndakusungira. Mulungu akusunge pamsewu, akupatse thanzi ndi mtendere, iwe ndi a m'nyumba mwako.

Ndisanamate envelopu ndinapita kwa bambo ako kukafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Anati onse ali m'manotsi. Nditafika pakhomo anandiitananso. Anatembenuza pensulo, kenako anati, "Umuuze kuti tsiku lija, kwina konseko anaimba bwino kuposa mmene ndinalembera."

Ndine azakhali ako okukonda,
Velta